Kusankha rauta ya Wi-Fi ya pakhomo ku Salima ndi ku Nkhotakota: mafunso ndi mayankho

Mabanja ambiri a m'maboma awiriwa afika poti foni imodzi yogawira intaneti kwa onse siyikukwaniranso, makamaka pamene mwana akufuna kuwerenga za sukulu, mayi akutsatsa malonda awo pa WhatsApp, ndipo mwini foniyo akufuna kuchoka nayo kupita ku msika. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabuka kawirikawiri munthu akaganiza zogula rauta, ndipo mayankho ake aganizira nyumba za kuno kunyanja, kumene kumatentha, magetsi amathimathima, ndipo intaneti ya pa waya siinafike m'makomo ambiri.

Kodi ndikagula rauta ndiye kuti ndagula intaneti?

Ayi. Rauta ndi kachipangizo kamene kamalandira intaneti kuchokera ku kampani ndi kuigawa kwa mafoni, makompyuta ndi wailesi ya kanema ya m'nyumba mwanu kudzera pa Wi-Fi kapena pa waya. Intaneti yeniyeniyo mumalipira payokha, kaya pogula bandulo ya Airtel kapena ya TNM, kaya polipira kampani ina pamwezi. Amene anaonapo minda ya mpunga ku Lifuwu akudziwa kuti ngalande zazing'ono za m'minda sizinganyamule madzi oposa amene ngalande yaikulu yabweretsa, ngakhale mutazikumba zotakata bwanji. Momwemonso rauta ya mtengo wapatali singathamangitse intaneti imene ikufika pakhomo panu ili yofooka kale, ndipo n'chifukwa chake funso loyamba siliyenera kukhala la dzina la rauta koma la kumene intaneti yanu ichokere.

Ndi mtundu uti wa rauta umene ungagwire ntchito kwathu kuno?

Pali mitundu imene imafanana maonekedwe koma yosiyana kwambiri ntchito, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Mtundu woyamba ndi rauta yopanda polowetsa simu khadi, imene ili ndi doko lolembedwa kuti WAN, ndipo imayembekezera waya wa intaneti wochokera ku kampani. Marauta ambiri otchipa amene muwaone m'mashopu a ku Lilongwe ndi otere, ndipo ngati kunyumba kwanu sikufika waya wa intaneti, mukafika nayo ku Khombedza kapena ku Benga idzayaka bwinobwino, mafoni adzaona Wi-Fi yake, koma simudzatsegula kanthu.

Mtundu wachiwiri ndi rauta ya 4G ya pathebulo, imene ili ndi polowetsa simu khadi ndipo imalumikizidwa ku magetsi. Imeneyi ndiyo yoyenera makomo ambiri a ku Salima ndi ku Nkhotakota, chifukwa imakoka intaneti ku nsanja yomweyo imene foni yanu imagwiritsa ntchito, koma ili ndi maeriyo akuluakulu kuposa a foni ndipo imatha kutumikira zipangizo zambiri nthawi imodzi. Mtundu wachitatu ndi kam'thumba kamene anthu amakatchula kuti MiFi, kokhala ndi batire lake. Ndi kabwino kwa munthu woyendayenda kapena wokhala yekha m'chipinda cha lendi, koma mphamvu yake siidutsa makoma ambiri, ndipo batire lake limafufuma msanga likamakhala pa chaja usana ndi usiku m'nyengo yotentha.

Palinso Starlink, intaneti ya pa setilaiti imene inayamba kupezeka m'Malawi mu 2023. Imabwera ndi mbale yake ndi rauta yake, imafuna malo oonekera kumwamba popanda mitengo yotchinga, imadya magetsi ochuluka kangapo kuposa rauta ya 4G, ndipo mtengo wogulira ndi wolipira pamwezi ndi wokwera. Kwa mwini malo ogona alendo ku Senga Bay nkhaniyi ndi yomveka, koma banja wamba liyenera kuyamba layesa kaye zimene nsanja yapafupi ingapereke.

Ndingadziwe bwanji netiweki imene ikugwira bwino pakhomo panga ndisanagule?

Ili ndilo funso lofunika kuposa onse, ndipo yankho lake silili m'shopu koma m'nyumba mwanu momwemo. Tengani foni ya 4G, muikemo simu ya Airtel, kenako ya TNM, ndipo ngati mulibe ina mwa ziwirizi mubwereke kwa mnzanu kwa tsiku limodzi. Zimitsani Wi-Fi pa foniyo, muyende m'zipinda zonse, muime pa zenera lililonse ndi pakhonde, uku mukuyesa liwiro pa tsamba la fast.com kapena pa pulogalamu ya Speedtest. Dziwani kuti kuyesako kumadya bandulo, choncho musabwereze mopanda chifukwa.

Yesani nthawi zosiyanasiyana, makamaka madzulo kuyambira cha m'ma 7 koloko mpaka cha m'ma 9, pamene anthu ambiri aweruka ndipo akugawana nsanja imodzi. Netiweki imene imathamanga mbandakucha ikhoza kukwawa nthawi imene banja lanu likuifuna, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri pa malo odzaza anthu monga pa Kamuzu Road kapena ku Dwangwa, ngakhale foni ikuonetsa timizere tonse. Timizereto timangokuuzani kuti nsanja ili pafupi, sitikuuzani kuti pa nsanjapo pali anthu angati.

Amene akufuna kutsimikiza bwino angayang'ane nambala ya mphamvu ya netiweki, imene mafoni ambiri a Android amaonetsa pa gawo la zokhudza simu khadi, yolembedwa mu dBm ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo. Nambala ya pafupi ndi -80 ndi yabwino kwambiri, ya pafupi ndi -100 ndi yapakatikati, ndipo ikapitirira -110 ndiye kuti rauta ya m'nyumba yokha idzavutika. Ngati mkati mwa nyumba mukupeza -112 koma panja pafupi ndi denga mukupeza -95, musagule rauta iliyonse yopanda madoko olumikizira eriyo yapanja. Madokowa amakhala awiri kumbuyo kwa rauta, ena ophimbidwa ndi kachitseko kapulasitiki, ndipo eriyo yomangirira pa mlongoti yoloza kumene kuli nsanja imasintha zinthu kuposa china chilichonse chimene mungagule. Chingwe cha eriyocho chikhale chachifupi, chifukwa chikatalika mphamvu imathera m'njira.

Kodi ndigule rauta ya kampani ya mafoni kapena yolandira simu iliyonse?

Marauta ogulitsidwa ndi makampani a mafoni nthawi zambiri amakhala otsekedwa kuti azilandira simu ya kampaniyo yokha. Ubwino wake ndi woti mumakhala otsimikiza kuti agwirizana ndi netiwekiyo, ndipo akavuta mumadziwa ofesi yokadandaulako. Rauta yosatsekedwa imakupatsani ufulu wosintha simu tsiku limene netiweki ina yagwa kapena pamene mitengo ya mabandulo yasintha. Ngati poyesa paja mwapeza kuti kampani imodzi yokha ndiyo ikugwira pakhomo panu, yotsekedwa sikukulandani kanthu. Ngati zonse ziwiri zikugwira mofanana, kuonjezera ndalama pang'ono kuti mupeze yosatsekedwa n'kwanzeru. Funsaninso ngati bandulo imene mukufuna kumagula imaloledwa mu rauta, popeza mabandulo ena amapangidwira mafoni okha kapena mapulogalamu ena okha, ndipo kumbukirani kuti simu ya mu rauta nayonso imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika.

Manambala a pa katoni monga N300, AC1200 ndi Cat 4 amatanthauza chiyani?

Manambalawa amanena za zinthu ziwiri zosiyana zimene ogulitsa amakonda kuziphatikiza. N300 ndi AC1200 akunena za liwiro la Wi-Fi, kutanthauza pakati pa rauta ndi foni yanu mkati mwa nyumba. Pa AC1200, nambalayo imapezeka pophatikiza 300 Mbps (Mbps ndi muyeso wa liwiro) ya mafunde a 2.4 GHz ndi 867 Mbps ya mafunde a 5 GHz, kenako n'kuikweza pang'ono kuti imveke bwino, koma mafoni ambiri salandira zonse ziwiri pamodzi, ndipo ngakhale 867 yomweyo ndi ya pa pepala.

Cat 4 ndi Cat 6 akunena za mbali ya 4G, pakati pa rauta ndi nsanja. Cat 4 imafika 150 Mbps potsitsa ndi 50 Mbps pokweza zinthu zikakhala kuti zili bwino kotheratu, pamene Cat 6 imafika 300 Mbps chifukwa imatha kugwiritsa ntchito mafunde awiri a nsanja nthawi imodzi, ngati nsanjayo ili ndi kuthekera kotero. Pa nyumba ya kuno nambala ya Cat ndiyo yofunika kuiyang'ana poyamba. Ngati nsanja ikukupatsani 15 Mbps, rauta ya N300 ndi ya AC1200 zonse zidzakupatsani 15 yomweyo. Onaninso kuti Mbps si MB ya pa bandulo: 8 Mbps ndiyo imatsitsa 1 MB pa sekondi, ndiye liwiro likakwera bandulo nayonso imatha kusungunuka msanga.

Kodi 2.4 GHz ndi 5 GHz zimasiyana pati, nanga 5 GHz ndiyo 5G?

Si chinthu chimodzi, ngakhale marauta ena amalemba 5G kumapeto kwa dzina la Wi-Fi, zimene zimasokoneza anthu. 5G ndi netiweki ya mafoni yochokera pa nsanja, ndipo kugula rauta ya 5G kumene nsanja ikupereka 4G yokha n'kulipirira chinthu chimene simuchigwiritsa ntchito. 5 GHz ndi mafunde a Wi-Fi a mkati mwa nyumba.

Mafunde a 2.4 GHz amafika patali ndipo amadutsa makoma bwinoko, koma ndi odekha ndipo amasokonezana ndi a anansi, popeza njira zake zosapanikizana ndi zitatu zokha, 1, 6 ndi 11. Mafunde a 5 GHz ndi othamanga ndi opanda phokoso, koma khoma la njerwa zootcha lopakidwa simenti limawafooketsa kwambiri, ndipo akadutsa makoma awiri amakhala atatheratu mphamvu. Pa nyumba yoima payokha kumudzi, 2.4 GHz yokha ikhoza kukwanira. Pa mdadada wa nyumba za lendi pa boma, pamene foni ikuonetsa maina a Wi-Fi ambirimbiri, rauta yokhala ndi mafunde onse awiri imathandiza. Mafoni ena akale ndi otchipa saona 5 GHz n'komwe, ndiye musazimitse 2.4 GHz musanayese zipangizo zonse za m'nyumba.

Kodi Wi-Fi 6 ndi yofunika?

Maina akuti Wi-Fi 4, Wi-Fi 5 ndi Wi-Fi 6 anayambitsidwa mu 2018 ndi bungwe la Wi-Fi Alliance pofuna kufewetsa maina ovuta a 802.11n, 802.11ac ndi 802.11ax. Wi-Fi 6 imachita bwino pamene zipangizo zambiri zikugwira ntchito nthawi imodzi, monga pa ofesi kapena pa malo ogona alendo. Pa banja la mafoni 5 kapena 6 lodalira simu khadi, Wi-Fi 5 ndi yokwanira, ndipo ndalama yotsalayo ndi bwino ipite ku eriyo kapena ku batire.

Nanga magetsi akathima?

Rauta ya pathebulo ilibe batire, kupatula mitundu yochepa, ndiye ESCOM ikathimitsa magetsi intaneti nayonso imapita, ngakhale nsanja ikugwirabe ntchito ndi jenereta kapena mabatire ake. Mwayi wake ndi woti rauta imadya magetsi ochepa kwambiri. Tembenuzani rautayo kapena adaputa yake muwerenge zolembedwa: zambiri zimati 12V 1A, kutanthauza kuti sizidutsa 12 W, ndipo nthawi zambiri zimadya zocheperapo. Rauta yodya 10 W kwa maola 8 imafuna 80 Wh, pamene pawabanki yolembedwa 20,000 mAh imasunga pafupifupi 74 Wh, ndipo gawo lina la mphamvuyo limatayika posintha mavoti. Masamu amenewa akukuuzani kuti pawabanki yotere ingakufikitseni madzulo onse koma osati tsiku lathunthu.

Njira yosavuta ndi kabokosi ka batire kamene amakagulitsa pa dzina loti mini UPS, kokhala pakati pa soketi ndi rauta, kamene kamadzaza magetsi akakhalapo ndi kupitiriza kuyatsa rauta akathima popanda kuizimitsa. Pogula onetsetsani kuti mavoti ake akufanana ndi a rauta yanu, chifukwa marauta ena ndi a 9V kapena 5V, komanso kuti kamutu ka chingwe kakulowa bwino m'doko. Amene ali ndi sola pakhomo angathe kuyatsa rauta ya 12V kuchokera ku batire popanda kudzera pa inivetala, zimene zimapulumutsa mphamvu, koma pakhale kachipangizo kosunga mavoti pa 12 ndi fyuzi, popeza batire la sola likamadzaza masana limakwera kupitirira 14V. Kulumikiza mawaya mopingasa, wofiira pa malo a wakuda, kukhoza kupsereza rauta nthawi yomweyo, choncho ntchitoyi ipatseni munthu woidziwa.

Chimene chimapha marauta ambiri si kuthima kwa magetsi koma kubwera kwake, pamene mphamvu imadumpha. Magetsi a m'Malawi ndi a 230V, ndipo kachipangizo koteteza ku kudumphaku, konga kamene anthu amaika pa filiji, n'kotchipa poyerekeza ndi rauta yatsopano. M'nyengo ya dzinja, mvula ya ziphaliwali ikamabwera kuchokera kunyanja, zulani rauta ku soketi, ndipo ngati muli ndi eriyo pa mlongoti masulaninso chingwe chake mvulayo isanayambe.

Ndiike pati rauta m'nyumba?

Rauta ya simu khadi ili ndi ntchito ziwiri zokokana: ikufuna kukhala pafupi ndi zenera loyang'ana ku nsanja, komanso ikufuna kukhala pakati pa nyumba kuti Wi-Fi ifike zipinda zonse. Zikasemphana, tsatani nsanja, chifukwa Wi-Fi yofooka n'njosavuta kuikonza kuposa netiweki yofooka. Iikeni pamwamba, monga pa shelefu, osati pansi kapena m'kabati ya wailesi ya kanema. Chitsulo chimatchinga mafunde, ndiye ikhale kutali ndi filiji, chitseko chachitsulo ndi malata, ndipo yesani kuisuntha pang'ono ngati zenera lili ndi zitsulo zotchingira akuba kapena sefa yachitsulo ya udzudzu.

Kutentha n'kofunikanso kukuganizira. Marauta ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito mpaka madigiri 40, ndipo mu Okutobala ndi Novembala, m'nyumba ya malata yopanda siling'i ku Chipoka kapena ku Nkhotakota boma, mpweya wa pafupi ndi denga umatentha kuposa wa panja. Rauta yotenthedwa imayamba kudukiza kapena kuzima n'kuyakanso yokha cha m'ma 2 koloko masana, ndipo mwini wake amaimba mlandu kampani. Musaiike padzuwa la pa zenera, ndipo kansalu kokongoletsa kamene timakonda kuphimbira wailesi kasafike pa rauta, chifukwa kamatseka timabowo totulutsira kutentha. Timabowo tomweto muzitipukuta fumbi, ndipo muziyang'anamo nyerere.

Wi-Fi siikufika ku nyumba ya kuseri kapena ku shopu ya pageti. Ndigule rauta yamphamvu kwambiri?

Rauta ya maeriyo 6 sithetsa vutoli, chifukwa kulumikizana ndi kwa mbali ziwiri: ngakhale rauta itafuula, foni yanu iyenera kuyankha, ndipo eriyo ya foni ndi yaing'ono. Njira yodalirika ndi kukoka waya wa netiweki kuchokera pa doko la LAN la rauta yoyamba kukafika ku nyumba inayo, n'kuikako rauta yachiwiri yotchipa, yomwe ija yopanda simu khadi, imene pano yapeza ntchito yake. Waya wotere amagwira bwino mpaka mamita 100, ndipo ngati akudutsa panja aikidwe m'paipi ndi kukwiriridwa kuti dzuwa ndi makoswe asamuononge. Tizipangizo tobwereza Wi-Fi popanda waya timathandiza pa chipinda chimodzi chakutali, koma tambiri timadula liwiro ndi theka, ndipo tiyenera kuikidwa pakatikati pamene Wi-Fi ikadali ndi mphamvu, osati m'chipinda chimene siikufikamo.

N'chifukwa chiyani bandulo ikutha msanga chigulireni rauta?

Foni ikalumikizidwa pa Wi-Fi imaganiza kuti intaneti ndi yopanda malire. Imayamba kutsitsa zatsopano za mapulogalamu, kutumiza zithunzi zonse kokasungidwa, ndi kuonetsa makanema a YouTube ndi Facebook owala kwambiri, zinthu zimene inkadziletsa ikamagwiritsa ntchito bandulo ya pa simu yake. Kompyuta ya Windows imachita chimodzimodzi, ndipo kanema wa HD akhoza kudya pakati pa 1 GB ndi 3 GB pa ola. Pa Android ndi pa Windows pali posankha kuti Wi-Fi yakutiyakuti ndi yolipira poyeza, ndipo mukatero zipangizozo zimadziletsa. Posankha rauta, funani imene imaonetsa kuchuluka kwa zimene zagwiritsidwa ntchito, mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, komanso imene imalola kuika malire. Ndi bwinonso ikhale yotha kuwerenga mauthenga a SMS ndi kuimba manambala oonera bandulo, kuti musamachite kutulutsa simu nthawi iliyonse.

Ndingateteze bwanji Wi-Fi kuti anthu ena asamaigwiritse ntchito?

Rauta ili ndi mapasiwedi awiri, ndipo anthu ambiri amasintha imodzi yokha. Yoyamba ndi ya Wi-Fi, yachiwiri ndi yolowera pa tsamba loyendetsera rautayo, limene mumalitsegula polemba manambala monga 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1, malinga ndi zolembedwa pansi pa rauta. Yachiwiriyi ikasiyidwa pa mawu oti admin, aliyense wolumikizidwa akhoza kusintha zonse. Pa chitetezo sankhani WPA2, imene inayamba mu 2004, kapena WPA3 ya mu 2018 ngati zipangizo zanu zikuilandira, ndipo rauta yokhala ndi WEP yokha musaigule ngakhale itatchipa. Zimitsaninso WPS, njira yolumikizira zipangizo podina batani kapena polemba PIN m'malo mwa pasiwedi, chifukwa kufooka kwake kunadziwika kuyambira mu 2011.

Komabe pasiwedi zambiri sizibedwa, zimachita kuperekedwa. Mwana amauza mnzake, mnzakeyo amaonetsa wina kachizindikiro ka QR kamene foni imapanga, ndipo posakhalitsa madzulo anyamata amayamba kukhala pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa mpanda wanu. Kumana mnansi n'kovuta pa chikhalidwe chathu, ndiye rauta yokhala ndi Wi-Fi yachiwiri ya alendo imachotsa manyazi: mumapereka pasiwedi ya alendoyo, n'kumaisintha kapena kuizimitsa pamene mwafunira, popanda kukhudza mafoni a m'banja.

Kodi rauta yogwiritsidwapo kale ntchito kapena yotumizidwa ndi achibale kuchokera kunja ili bwino?

Ikhoza kukhala bwino, koma pali zofunika kuziona. Yochokera ku Johannesburg ikhoza kukhala yotsekedwa ku kampani ya kumeneko monga Vodacom kapena MTN, ndipo pulagi yake ya mano ozungulira siilowa m'soketi zathu za mano atatu amakonamakona popanda adaputa. Yochokera ku America ikhoza kukhala yopangidwira mafunde a 4G osiyana ndi a kuno, ndipo adaputa yake iyenera kulembedwa 100–240V, apo ayi idzapsa. Zipangizo zolumikizirana zogulitsidwa m'dziko muno zimayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la MACRA, ndipo kugula kwa wogulitsa wodziwika kumakuchotserani nkhawa imeneyi.

Rauta yakale kwambiri imakhalanso kuti kampani yoipanga inasiya kuitumizira zokonza chitetezo, ndiye fufuzani nambala ya mtundu wake pa tsamba la kampaniyo, kaya ndi TP-Link, Huawei, ZTE kapena D-Link. Pogula, kaya yatsopano kaya yakale, pitani ndi simu zanu zonse ziwiri, muione rautayo ikuyaka ndi kutsegula tsamba muli pomwepo. Itanitsani risiti yolembedwa nambala ya chipangizocho, ndipo mugwirizane ndi wogulitsa, molemba pa risitipo, masiku amene mungaibweze ngati ikakana kugwira kwanu, popeza imene yathamanga m'shopu ya mu mzinda wa Lilongwe siinayesedwebe pa nsanja ya ku Dwambazi kapena ku Thavite.